Zilembo Zopendekeka pa Paketi ya Mbewu: Zimene Msika wa Machipisa Ukutiphunzitsa

Kampani iliyonse ya mbewu, yaikulu kapena yongoyamba kumene, imafika pa nthawi imene imafuna kukonzanso nkhope ya katundu wake. Pa nthawi yotereyi akatswiri ojambula amabwera ndi zitsanzo, ndipo kawirikawiri chimene chimakopa maso a akuluakulu pa msonkhano ndi dzina la kampani lolembedwa m'zilembo zopendekeka, zosalala, zofewa m'makona, zooneka ngati zikumwetulira. Amati zilembo zotere n'zansangala, zimaonetsa liwiro ndi moyo. Ife alangizi a zaulimi sitiitanidwa kawirikawiri ku misonkhano yotereyi, poti anthu amaona ngati nkhani ya zilembo si ya munthu wa kumunda. Komatu paketi ikatuluka m'fakitale, amene amaima pakati pa iyo ndi mlimi ndife pamodzi ndi inu ogulitsa mbewu. Mlimi akatenga mtundu umene sanafune chifukwa nambala sinawerengeke bwino, madandaulo ake safika kwa wojambula. Amafika pa kauntala yanu ndi pa tsiku lathu la chionetsero.

N'chifukwa chake tafuna kuti nkhani imeneyi tiione ndi maso a ulimi, ndipo malo amene tasankha kuti atithandize kuganiza ndi msika wa Machipisa, ku Highfield mumzinda wa Harare.

Msika wa zilankhulo zambiri

Highfield ndi imodzi mwa malokeshoni akale kwambiri a Harare. Inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930, patsogolo pake pali Mbare yokha. Machipisa ndiye mtima wa malonda ake. Pamenepa pali hotela ya Mushandirapamwe imene George Tawengwa anamanga mu 1972, pafupi pali bwalo la mpira la Gwanzura, ndipo makombi opita ku Glen Norah, Glen View ndi m'tauni amanyamula ndi kutsitsa anthu tsiku lonse. Okutobala akamatha, Novembala akamalowa, mitambo ikayamba kusonkhana, masitolo a zipangizo ndi magolosale omwe amaika mapaketi a mbewu ya chimanga poonekera.

Ogula ake ndi anthu a mitundu iwiri. Ena amalima timinda ta m'tauni, m'madambo, m'mphepete mwa misewu ndi kuseri kwa nyumba, ndipo amafuna paketi ya makilogalamu 2 kapena 5. Ena amagula thumba la makilogalamu 10 kapena 25 n'kulikweza basi kuti likafike kwa makolo kumudzi. Wogula wachiwiriyu ndi mthenga chabe. Dzina la mbewu wauzidwa pa foni, mwina walilemba pa kapepala, ndipo sangasiyanitse mtundu ndi unzake pokhapokha atawerenga zimene zalembedwa pa thumba.

Pakati pa anthu amenewa pali ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland, ku chigawo cha kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, makamaka m'nyengo ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 ndi zaka za m'mbuyo mwake. Mpaka lero gule wamkulu amavinidwa m'malokeshoni a Harare, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Motero pa kauntala imodzi wina amafunsa mbeu yechibage m'Chishona, wina mbewu ya chimanga m'Chichewa, pamene paketi yalembedwa m'Chingerezi. Pamalo pamene zilankhulo zachuluka chotere, mawu ataliatali a malonda amachepa mphamvu. Chimene aliyense amagwira ndi chithunzi, mtundu wa utoto, zilembo ziwiri kapena zitatu, ndi nambala.

Kumene zilembozi zinachokera

Kuti tisankhe bwino, tiyenera kudziwa chimene tikusankha. Zilembo za m'mabuku ambiri zimakhala ndi timiyendo ting'onoting'ono kumapeto kwa mzere uliwonse. Zimene osindikiza amazitcha sans serif ndi zopanda timiyendoto. Zoyamba za mtundu umenewu kusulidwa kuti zisindikizidwe zinaoneka ku London mu 1816, m'buku la zitsanzo la William Caslon IV, ndipo zinali zazikuluzikulu zokha. Pambuyo pake kunabwera mitundu imene timaiona tsiku ndi tsiku osaidziwa dzina: Futura ya Paul Renner mu 1927, Gill Sans ya Eric Gill mu 1928, ndi Helvetica ya Max Miedinger imene inatuluka ku Switzerland mu 1957.

Zilembo zopendekeka n'zakale kuposa pamenepo. Anazisula ndi Francesco Griffo mumzinda wa Venice, posulira wosindikiza mabuku Aldus Manutius, ndipo buku loyamba losindikizidwa lonse m'zilembo zimenezi linatuluka mu 1501. Cholinga chinali kutsanzira kalembedwe ka dzanja la munthu wophunzira. Apa mpamene pagona chinsinsi cha nsangala imene ojambula amanena. Chilembo chopendekeka chimatikumbutsa dzanja, ndipo dzanja limatikumbutsa munthu. Paketi yolembedwa motero imaoneka ngati ikulankhula nafe m'malo motilamula.

Koma kupendekeka kuli pawiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwa wolipira ndalama. Pali zilembo zimene mmisiri anazijambula mwapadera chimodzichimodzi kuti zikhale zopendekeka, monga za Gill Sans, Open Sans ndi Lato. M'mitundu imeneyi chilembo a chimasintha thupi n'kufanana ndi a amene ana amaphunzira kulemba kusukulu. Palinso zilembo zoongoka zimene zangokankhidwa kuti zitsamire kumanja, monga za Helvetica zimene zimapendekeka pafupifupi madigiri 12. Ndiye palinso chachitatu chimene chiyenera kupewedwa: fonti ikakhala kuti ilibe zilembo zake zopendekeka, mapulogalamu ambiri a pa kompyuta amangozikhotetsa okha munthu akadina batani. Zotsatira zake mizere ina imaonda, ina imanenepa, ndipo zilembo zozungulira zimaphwatalala ngati dzira loponderezedwa. Pa sikirini cholakwikachi sichioneka kwenikweni. Pa thumba la makilogalamu 25 chimaonekera patali.

Nsangala ya chilembo ndi chiyani

Tikamati chilembo n'chansangala timatanthauza zinthu zimene zingathe kuyezedwa. Choyamba ndi makona ozungulira m'malo mwa akuthwa, monga a VAG Rounded imene inapangidwira kampani ya Volkswagen mu 1979. Chachiwiri ndi kutseguka kwa kamwa la zilembo monga c, e ndi s, komanso manambala 3, 5, 6 ndi 9. Chachitatu ndi msinkhu wa zilembo zing'onozing'ono poyerekeza ndi zazikulu. Chachinayi ndi mpata wokwanira pakati pa chilembo ndi chinzake.

Chosangalatsa n'chakuti zitatu zomalizazi ndi zomwezo zimene zimachititsa kuti chilembo chiwerengeke patali. Adrian Frutiger atapemphedwa kukonza zilembo za zikwangwani za bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris m'zaka za m'ma 1970, anatsegula kamwa la zilembo zake kuti munthu wothamanga, woyang'ana cham'mbali, athe kuwerenga. Wogula wa pa Machipisa amene kombi ikumudikira, mwana ali kumbuyo, mapaketi ali pa shelefu kuseri kwa mawaya otchinga kauntala, sakusiyana kwenikweni ndi wapaulendo wa pa bwalo la ndege. Motero nsangala ndi kuwerengeka sizilimbana. Zimayamba kulimbana pamene wojambula wafuna nsangala ya m'makona ozungulira ndi kunenepa kwa zilembo yokha, n'kutseka kamwa la manambala. Pamenepo ndiye kuti tapeza chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nambala imene imanyamula dzinja lonse

Dziko la Zimbabwe lili ndi mbiri yaitali ya mbewu zodziwika ndi nambala. Mu 1960 malo a kafukufuku a ku Salisbury anatulutsa SR52, chimanga cha haibulidi cha makolo awiri choyamba padziko lonse kulimidwa pa malonda, chipatso cha ntchito ya Harry Arnold ndi Alan Rattray. Kuyambira pamenepo alimi a chigawo chino anazolowera kuitana chimanga ndi zilembo ziwiri ndi manambala: R201, MH18, PAN 53, DK 8031, SC 513. Dzina lotere ndi lalifupi, koma lilibe chitetezo. M'mawu wamba chilembo chimodzi chikafufutika, maso amakonza okha poona zilembo zoyandikana nazo. M'nambala mulibe chokonzera. Wowerenga akaona 8 pamene panalembedwa 3, palibe chimene chingamuuze kuti walakwa. DK 8031 ndi DK 8033 zimasiyana ndi nambala imodzi yokha yakumapeto.

Kulakwa kotereku kumalipiridwa kumunda. Chimanga cha gulu la 400 chimacha pa miyezi pafupifupi inayi, pamene cha gulu la 700 chimafuna miyezi isanu kapena kupitirira. Harare ili m'dera la mvula yabwino, koma thumba logulidwa pa Machipisa likhoza kukatsikira ku Chivi kapena ku Buhera kumene mvula imadula msanga. Mtundu wochedwa kucha ukakabzalidwa kumeneko, mvula imatha chimanga chisanakhwime, ndipo banja limataya mbewu, feteleza, thukuta ndi chakudya cha chaka. Hekitala imodzi imafuna mbewu yokwana makilogalamu pafupifupi 25. Thumba limodzi lolakwika ndi hekitala yathunthu.

Kampani ya Seed Co inaona kale kuti nambala payokha siikwanira, ndipo inapatsa gulu lililonse nyama yake. Ku Zimbabwe amati Tsuro, Tsoko, Mbizi, Shumba ndi Nzou, ku Malawi amati Kalulu, Kanyani, Mbidzi, Mkango ndi Njovu, kuchokera ku yocha msanga kwambiri kufika ku yochedwa. Mlimi amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuti njovu siithamanga. Phunziro lake kwa tonsefe n'lakuti uthenga wofunika kwambiri pa paketi uyenera kunenedwa kawiri, m'njira ziwiri zosiyana, kuti njira imodzi ikalephera inayo igwire ntchito. Komabe chithunzi chimangonena gulu. M'kati mwa gulu limodzi muli mitundu ingapo yosiyana pa kupirira matenda monga chiwawu cha masamba, ndipo chosiyanitsa chake ndi nambala basi.

Pachifukwa chimenechi lamulo lathu ndi ili: zilembo zopendekeka zikhale za dzina la kampani ndi mutu wa uthenga wa malonda, mawu osapitirira anayi kapena asanu. Dzina la mtundu wa mbewu, nambala ya loti, tsiku limene mbewu inayezedwa, kameredwe, kulemera kwa paketi ndi chenjezo la mankhwala zilembedwe m'zilembo zoongoka. Nambala 1 ikapendekeka imayandikira 7. Ziro amafanana ndi chilembo O. Chilembo chachikulu I, chaching'ono l ndi nambala 1 m'mafonti ambiri opanda timiyendo zimangokhala timitengo titatu toimirira, ndipo m'Chichewa, mmene l ndi i zimatsatana kawirikawiri, mawu ngati Ili kumayambiriro kwa chiganizo amasanduka mpanda. Ngakhale a wokongola uja wa zilembo zopendekeka, inki ikafalikira, amafanana ndi o. Ambiri amalemba kudzala m'malo mwa kubzala, ndipo pakati pa kudzala ndi kudzola pali chilembo chimodzi chokha. Pa paketi ya mbewu yothiridwa mankhwala sitifuna chikaiko cha mtundu uliwonse.

Thumba si sikirini

Wojambula amagwira ntchito pa kompyuta yowala bwino, m'chipinda chopanda fumbi. Mbewu yathu imakhala moyo wina. Matumba akuluakulu ambiri ndi oluka ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo amadindidwa ndi mbale zofewa zimene zimakanikiza inki pa nsalu yosasalala. Mizere yopyapyala imaduka pamene ulusi wadutsana. Zilembo zoyera zolembedwa pa utoto wakuda kapena wobiriwira zimachepa chifukwa inki ya m'mbali imalowerera m'kati. Mzere wopendekeka umadutsa ulusi mopingasa, choncho m'mphepete mwake mumakhala mano ngati a sowo kuposa mzere woongoka umene umatsata ulusiwo. Paketi yaing'ono ya pulasitiki yosalala imasindikizika bwino, koma imanyezimira pansi pa babu, imakwinyika ikasanjikizana, ndipo ikakhala pa windo milungu ingapo utoto wofiira ndi wachikasu umayamba kufwifwa.

Tiwonjezerepo maso a ogula. Munthu akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo alimi ambiri amene amasankha mbewu ya banja adutsa msinkhu umenewu, ambirinso alibe magalasi. Magetsi akazima, m'sitolo mumakhala chisisira ngakhale masana. Mayiko a mu European Union, m'lamulo lawo la 1169 la chaka cha 2011 lokhudza zolemba za pa chakudya, anakhazikitsa kuti chilembo chaching'ono x chisachepere mamilimita 1.2 msinkhu. Lamuloli si la mbewu ndipo si la kwathu kuno, koma litipatsa poyambira. Ngati amenewo ndi malire otsikitsitsa m'masitolo owala a ku Ulaya, ife tiyenera kupitirira pamenepo ndithu, ndipo dzina la mtundu liyenera kuwerengeka munthu ataima mamita awiri kapena atatu kuchokera pa shelefu.

Zilembo za zilankhulo zathu

Mbewu ya masiku ano imaoloka malire. Malamulo ogwirizanitsa malonda a mbewu a COMESA a mu 2014, pamodzi ndi dongosolo la SADC, anakonzedwa kuti mtundu wolembetsedwa m'kaundula wa chigawo ugulitsidwe m'mayiko angapo. Thumba lodindidwa ku Harare kapena ku Lusaka likhoza kukathera ku Chipata, ku Mchinji kapena ku Ulongwe. Fonti imene kampani yasankha iyenera kukhala ndi zilembo zonse za misika imeneyi.

Mafonti ambiri okongola a mitu ya nkhani anapangidwira Chingerezi chokha. Mulibe ŵ, amene ambiri amalembabe m'dzina la Malaŵi ndipo amapezeka kwambiri m'Chitumbuka. Mulibe ã kapena ç a Chipwitikizi chimene chimafunika ku Tete ndi ku Niassa. Chilembo chikasowa, kompyuta imabwereka cha fonti ina kapena imaika kabokosi kopanda kanthu, ndipo mutu wonse umaoneka ngati malaya a chigamba. Kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ombe, pang'ono ndi m'munda nakonso kayesedwe, chifukwa m'zilembo zopendekeka kamakonda kugundana ndi chilembo choyandikana nacho kapena kusiya mpata waukulu wodula liwu pawiri.

Vuto lina ndi utali wa mawu. Pamene Chingerezi chimati early, zilembo zisanu, ife timati yocha msanga, zilembo 11. Wojambula amene anayeza malo ndi mawu a Chingerezi akalandira a Chichewa kapena Chishona amawafinya kuti akwane, ndipo zilembo zopendekeka zofinyidwa ndi zimene zimavuta kuwerenga kuposa zonse. Mankhwala ake ndi osavuta: mupatseni wojambula mawu a chilankhulo chotalika kwambiri poyamba, ayezere malo pa amenewo.

Pa nkhani imeneyi sitiyenera kuyang'ana kutsidya kwa nyanja kokha. Ku Harare komweko Saki Mafundikwa anatsegula sukulu ya zojambula ya ZIVA mu 1999, ndipo mu 2004 anatulutsa buku la Afrikan Alphabets lofotokoza za malembedwe a mu Africa. Taurai Valerie Mtake wa ku Zimbabwe anapanga Madimi One, fonti ya makona ozungulira imene ikupezeka pa Google Fonts. Ku Malawi, Nolence Mwangwego anayamba kukonza malembedwe ake a zilankhulo za m'dzikomo mu 1979. Amisiri amene amamva mmene mawu athu amayendera alipo, ndipo kampani imene ikufuna nkhope yakeyake ingachite bwino kuwafunsa.

Kwa kampani yaing'ono kapena gulu la alimi ochulukitsa mbewu limene lilibe ndalama zolembera mmisiri, pali mafonti aulere amene chilolezo chake cha SIL Open Font License chimalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda. Andika, ya bungwe la SIL International, inakonzedwera anthu ongophunzira kumene kuwerenga. Atkinson Hyperlegible, imene bungwe la Braille Institute la ku Los Angeles linatulutsa mu 2019, inakonzedwera anthu osaona bwino, ndipo inasiyanitsa dala ziro ndi O, komanso I, l ndi 1. Mafonti a banja la Noto ali ndi zilembo za zilankhulo zochuluka zedi. Fonti yongokopedwa pa kompyuta ya mnzathu kapena yotsitsidwa pa intaneti osawerenga chilolezo chake ikhoza kudzabweretsa mlandu matumba zikwizikwi atadindidwa kale. Safunsa anadya phula.

Zilembo ndi mbewu yachinyengo

Pali chifukwa china chimene nkhani ya zilembo iyenera kutikhudzira. Dzinja lililonse akamberembere amatenga chimanga cha m'nkhokwe, kuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, n'kuchiika m'mapaketi otsanzira a makampani odziwika. Chitetezo choyamba cha mlimi ndi diso lake. Iye amadziwa paketi ya mbewu imene amaikonda monga mmene amadziwira nkhope ya mnansi wake, ndipo kanthu kakasintha amakaikira. Kampani imene imasinthasintha zilembo, kapena imene imalola nthambi iliyonse kulemba dzina lake m'fonti imene yapezeka pa kompyuta, ikuphunzitsa alimi kuti paketi yeniyeni ilibe nkhope imodzi. Pamenepo wachinyengo ntchito yamuphwekera.

Tisanamizanenso kuti fonti ndi loko. Fonti yaulere imene ife tatsitsa, wachinyengo nayenso atha kuitsitsa, ndipo ngakhale yogula atha kuijambula. Chimene chimatsimikizira mbewu ndi lebulo ya boma ndi nambala ya loti imene ingalondoledwe mpaka ku munda umene mbewuyo inachokera. Ku Zimbabwe ntchito imeneyi ili m'manja mwa Seed Services Institute pansi pa lamulo la Seeds Act, ku Malawi ili ndi Seed Services Unit ya ku Chitedze, ku Zambia ili ndi Seed Control and Certification Institute ya ku Chilanga. Malebulo ali ndi mitundu yake yodziwika m'dongosolo la OECD limene chigawo chathu chinatengera: yoyera ndi ya mbewu ya maziko, yabuluu ndi ya mbewu yovomerezeka ya m'badwo woyamba, yofiira ndi ya m'badwo wachiwiri. Ku Kenya bungwe la KEPHIS linawonjezera kachikwangwani kokanda kamene mlimi amatumiza nambala yake pa foni kuti atsimikize. Zonsezi zimadalira manambala owerengeka. Zojambula za kampani zisaphimbe lebulo, zisaipanikize pakona, ndipo zisabwereke mtundu wa utoto wake mwa njira yosokoneza.

Kampani ikaganiza zosintha nkhope ya paketi, nthawi yake ndi pambuyo pa kukolola, osati m'kati mwa nyengo yogulitsa. Ogulitsa alandire zithunzi za paketi yakale ndi yatsopano zili pamodzi miyezi ingapo mvula isanagwe, kuti azipachike m'sitolo. Chinthu chimodzi chachikulu chimene alimi amachidziwa, kaya ndi nyama, kaya ndi mtundu wa utoto, chisiyidwe mmene chinalili. Kupanda kutero wogulitsa wokhulupirika amakhala tsiku lonse akulumbira kuti katundu wake ndi weniweni, pamene wogula wapita pa sitolo ina kukafuna paketi imene akuidziwa.

Mayeso asanadindidwe matumba

Palibe mlangizi amene angalimbikitse mtundu watsopano wa chimanga usanayesedwe m'minda ya alimi nyengo zingapo. Zilembo nazo ziyesedwe kumene zikagwire ntchito. Pemphani wosindikiza adinde zitsanzo pa thumba lenileni ndi pa pulasitiki yeniyeni, osati pa pepala la mu ofesi. Pa chitsanzocho palembedwe mayina onse a mitundu imene kampani imagulitsa, manambala onse kuyambira 0 mpaka 9, ndi mawu a zilankhulo zonse za msika. Kaikeni pa shelefu ya sitolo ngati za pa Machipisa, pakati pa mapaketi a makampani ena, magetsi ali ozima. Pemphani anthu a misinkhu yosiyana, makamaka amayi ndi abambo achikulire, awerenge mokweza dzina la mtundu ataima pamene wogula amaima, ndipo lembani nambala iliyonse imene yaphonyedwa. Chitsanzo china chikhale padzuwa milungu iwiri kapena itatu, china chikwinyidwe ndi kukhudzidwa ndi manja a fumbi. Pomaliza chijambuleni ndi foni yotsika mtengo n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp, chifukwa umo ndi mmene mwana wa m'tauni amafunsira mayi ake kumudzi ngati mbewu yake ndi imeneyi. Fonti imene yapambana mayeso amenewa ndiyo yoyenera, ngakhale itakhala kuti pa msonkhano sinaombedwe m'manja.

Gawo la wogulitsa ndi wochulukitsa mbewu

Anzathu ogulitsa, mwina mukuti paketi simujambula ndinu. N'zoona, koma chikwangwani cha sitolo, mapepala a mitengo ndi uthenga wa pa foni ndi zanu. Amisiri olemba zikwangwani ali ndi muyezo wawo wakale: chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka pa mamita atatu alionse a mtunda umene wowerenga waima. Chikwangwani chofuna kuwerengedwa kutsidya kwa msewu, pa mamita 30, chimafuna zilembo za masentimita 25. Mukamulemba ntchito mmisiri wa penti, mulekeni akongoletse dzina la sitolo mmene dzanja lake lifunira, pakuti amisiri amenewa ndiwo eni ake a zilembo zopendekeka, koma mayina a mitundu ya mbewu awalembe moongoka, ndipo muwawerenge nokha penti isanaume.

Ku Zimbabwe, kumene ndalama ya ZiG inayamba mu Epulo 2024 n'kumayenda pamodzi ndi dola ya ku America, pepala la mtengo linene momveka ndalama imene likutanthauza, ndipo mtengo usayandikane ndi nambala ya mtundu mpaka kusokonezana. Pa lisiti lembani dzina lonse la mtundu ndi nambala ya loti. Lisiti yotereyi ndiyo mboni yanu ndi ya mlimi tsiku limene kameredwe kadzakaikitsa, poti mbewu ya chimanga yovomerezeka imayembekezeka kumera mbewu zosachepera 90 pa 100 zilizonse.

Inu ochulukitsa mbewu, manambala anu ndi ofunika koposa, chifukwa kulakwa kwanu kumachulukana pamodzi ndi mbewuyo. Zikwangwani za m'munda zosonyeza mizere ya chimanga chachimuna ndi chachikazi, ndi timapepala ta pa matumba opita ku fakitale, zilembedwe m'zilembo zazikulu zoongoka, ndi inki yosasuluka ndi mvula, kapepala kena kali m'kati mwa thumba kena kunja. Loti imodzi ikasakanikirana ndi inzake chifukwa 1 anawerengedwa ngati 7, oyendera minda ali ndi mphamvu yoikana, ndipo ntchito ya chaka chonse imagulitsidwa pa mtengo wa chimanga chakudya.

Sitikunena kuti mapaketi athu akhale ouma ngati fomu ya boma. Mbewu ndi malonda a chiyembekezo, ndipo n'koyenera kuti dzina la kampani lilandire mlimi ndi nkhope yosekerera. Pempho lathu kwa mamembala a bungwe lino n'lakuti pa msonkhano wosankha zilembo pakhale mpando wa mlangizi ndi wa wogulitsa mmodzi, ndipo chigamulo chidikire kufikira zitsanzo zitabwerako ku shelefu. Nyengo yokonza matumba a dzinja likudzali ndi ino, makina asanayambe kudinda.